Mutu 6: Tione Aitana Helikopita

1. Njira ya Kuphiri

Loweruka limenelo a Maness sanapite ku ntchito. Madamu amene ankawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Fish Hoek anali atapita kukaona ana awo, choncho nyumba inali yotseka. Wina akanagona mpaka dzuwa kufika pamutu, koma a Maness anadzuka m'mamawa, navala malaya awo oyera, n'kugwedeza phewa la mwana wawo.

"Tione, dzuka. Undiperekeze kuphiri, ndikapemphere."

Tione anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anabadwira ku Thyolo, koma anakulira ku Cape Town, ndipo Chingerezi ankachilankhula mothyakuka kuposa mayi ake. Awiriwo ankakhala m'chipinda chimodzi cha malata ku Masiphumelele, dera la anthu osauka pafupi ndi Fish Hoek.

Chimene chinkawasowetsa tulo a Maness chinali chilolezo chawo chokhalira m'dzikolo, chimene chinali chitatha kalekale. Akaona galimoto ya polisi ankakhota njira. Tsiku limenelo anakulunga pasipoti yawo m'kajumbo n'kuiika pachifuwa, kuti akaipempherere pamalo apamwamba.

Anakwera takisi mpaka ku Fish Hoek, n'kuyamba kukwera phiri limene lili kumbuyo kwa tauniyo. M'njiramo munali anthu othamanga ndi ena oyendetsa agalu.

"Pano ndipemphera bwanji, agalu akundinunkhiza m'miyendo?" anadandaula a Maness, napatukira m'tchire.

"Amayi, chikwangwani chija chimati tisachoke m'njira."

"Chikwangwani ndi cha alendo. Ine mapiri ndinayamba kukwera kwathu iwe usanabadwe. Tiye."

Tione anatsatira. Anayenda m'zitsamba mpaka mawu a anthu anazimiririka. Kenaka anafika pamwamba pa thanthwe lalikulu, ndipo m'munsi mwake munali kamalo kosalala ngati khonde, koyang'ana kunyanja.

"Apo ndiye pabwino," anatero a Maness.

Anaponda mwala woyamba, n'kuponda wachiwiri. Wachitatu unagumuka. Tione anangoona malaya oyera akutsetsereka ndi fumbi, kenaka anamva mfuu imene sanaimvepo m'kamwa mwa mayi ake.

Sanaganize kawiri. Anakhala pansi n'kutsetsereka chamatako mpaka anakagwera pambali pawo.

2. Pakhonde la Mwala

A Maness anali chigonere chagada, akuluma mano. Mwendo wawo wamanzere unali utapindika m'munsi mwa bondo, pamalo pamene mwendo supindika. Magazi ankatuluka pang'onopang'ono n'kumanyowetsa sokosi.

Tione anamasula lamba wa juzi yake n'kumanga nsalu pabalapo monga anaphunzirira kusukulu. Atatha, anaimirira kuti aone potulukira.

Panalibe. Kumbuyo kwawo kunali khoma la mwala, losalala, lotalika kuposa nyumba. Anayesa kulikwera, koma nsapato zinkangoterera ndipo zala zinasupuka. Kumanja ndi kumanzere khondelo linkathera m'malere. Kutsogolo kunali phompho, ndipo pansi patali madenga a ku Fish Hoek ankaoneka ngati mabokosi a machesi. Malo onse amene anali nawo sankaposa mphasa ziwiri.

Anakuwa m'Chingerezi, anakuwa m'Chichewa. Mphepo inangotenga mawuwo n'kukawataya kunyanja.

Dzuwa linakwera. Mthunzi umene unalipo unathawira pansi pa mwala. Madzi anali atatenga botolo limodzi lokha chifukwa a Maness ankasala kudya, ndipo posakhalitsa linatha. Milomo ya mayiyo inayamba kuuma, ndipo ngakhale kunkatentha iwo ankanjenjemera.

Tione anatulutsa foni.

"Ukuimbira ndani?"

"A zadzidzidzi, Amayi. Kusukulu anatiuza kuti tiziimba 112."

A Maness anamugwira dzanja mwamphamvu zimene Tione sankayembekezera.

"Usayerekeze. Tamvera, mwana iwe. Anthu amenewo sabwera okha. Kumbuyo kwawo kumabwera apolisi, ndipo wapolisi akafika sayamba ndi mwendo, amayamba ndi mapepala. Waiwala a Matilda a ku tchalitchi? Anangopita kukachitira umboni mlandu wa eni ake, lero ali ku Balaka, katundu wawo yense anatsala kuno. Ine akandikweza basi ya kumudzi, iwe utsala ndi ndani? Sukulu yako ithera pati? Zaka zonsezi ndakolopa nyumba za anthu kuti iwe udzakhale ndi pogwira, ndiye zonsezo zithere pa mwendo umodzi? Tidikire. Dzuwa likapepa, ululu uchepa, ndikwawa. Mulungu amene ndabwera kudzamufuna pano satisiya. Ndine mayi wako, ndakuletsa."

Tione anabweza foni m'thumba. Chibadwire anali asanawanyozerepo mayi ake pamaso.

Anakhala pansi n'kuika mutu wa mayi ake pamiyendo. Nthawi inapita. A Maness anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, koma pakati pa ndime anasokoneza mawu, n'kuyamba kufunsa ngati Tione watseka mbuzi m'khola. Mbuzi anazisiya ku Thyolo Tione ali wamng'ono.

3. Mawu a Malume

Apa Tione anatulutsanso foni ija. A zadzidzidzi anali atamuletsa, koma za malume ake sananenepo kanthu.

Malume akewo, a Brown, anali mlongo wawo wa a Maness. Ankagwira ntchito kudoko, pakampani ina yonyamula alendo pa helikopita kuti akaone phiri ndi nyanja ali m'mwamba. Ntchito yawo inali kutsuka ndegezo, kusesa pabwalo lotererapo ndi kuperekeza alendo pokakwera.

Foni inalira kanthawi asanayankhe. Atayankha, Tione anafotokoza zonse mwachangu.

"Fupa latuluka?" anafunsa a Brown.

"Ayi, koma mwendo wapindika. Ndipo ayamba kubwebweta."

"Waimba 112?"

"Andiletsa. Akuti apolisi awatenga."

A Brown anapuma mozama.

"Tione, mwana wanga, ndimvere. Ine sindingafike kumeneko. Ngakhale nditafika, ndilibe chingwe, ndilibe mankhwala. Mayi ako ndimawadziwa, tinayamwa bere limodzi, ndipo mantha awo si opusa. Koma anthu opulumutsa anzawo m'mapiri ntchito yawo ndi kutsitsa munthu wamoyo. Akafika amafunsa kuti pakupweteka ndi pati. Za kutsogolo sindingakulonjeze, sindine boma. Chimene ndikudziwa n'chakuti mapepala amakonzeka, koma maliro sakonzeka. Kumvera makolo n'kwabwino, koma munthu amene wayamba kubwebweta sungamusiyire chiwongolero. Moyo saika pachiswe. Dula foniyi, uimbe tsopano lino. Mlandu wake ndidzausenza ine."

Foni inaduka. Tione anayang'ana mayi ake. Maso awo anali otsegula, ndipo anali atamva zonse.

"Tione," ananong'ona, "ukaimba, wandipereka."

Misozi inatsika m'masaya mwa mtsikanayo. Anapukuta ndi mkono, n'kudina manambala atatu aja.

Anayankha mayi wina wodekha. Anafunsa dzina, anafunsa chimene chachitika, ndipo anamuuza Tione mmene angatumizire chizindikiro cha pamene ali kudzera pafoni. Anamulangiza kuti asawongole mwendowo, asawasunthe mayi ake, ndiponso awafunditse. Pomaliza anati: "Malo amenewo anthu apansi atenga nthawi kuti afike. Tiyesa kutumiza helikopita, mphepo ikalola. Musachoke pamenepo."

Tione anatsala pang'ono kuseka. Achoka kupita kuti?

A Maness anatembenuzira nkhope kukhoma.

4. Kudikira

Tione ankawadziwa mahelikopita, koma patali. M'chilimwe, moto ukabuka m'mapiri, ankawaona akutunga madzi ndi chidebe chachikulu cholendewera pachingwe n'kukakhuthulira pamalawi. Ankaonanso ina yonyamula odwala, ndi ina yofufuza asodzi otayika panyanja. Koma imene anthu a ku Masiphumelele ankaidziwa kwambiri inali ya apolisi, imene ikazungulira pamwamba pa malata, amayi ake ankatseka chitseko n'kukhala chete.

Foni inanjenjemera. A Brown anali atatumiza uthenga wa mawu. Tione anauika kukhutu.

"Wachita bwino. Tsopano tamvetsera, chifukwa chinthu chikubwerachi chimapulumutsa, koma chimaphanso munthu wosamvera. Helikopita imaima m'malere chifukwa mapiko ake ozungulira amakankhira mphepo pansi. Mphepo imeneyo si yamasewera. Iwe ukhala pansi pake penipeni. Choncho sonkhanitsa chilichonse chopepuka: chitenje, jumbo, botolo, chipewa, duku. Uziike m'chikwama, utseke zipi, uchikhalire. Kajumbo kamodzi kakakwera m'mwamba n'kukodwa m'mapikomo kapena m'injini, ndege yonse ikhoza kugwa, inu muli pansi pake.

"Ikadali patali, ukupize nsalu yowala kuti akuoneni. Akakuonani, uibise. Usawalitse tochi kapena galasi kumaso kwa woyendetsa, ungamuthobwe m'maso. Ikafika pamwamba panu, ugwade, uweramire mayi ako, uwaphimbe kumaso chifukwa kuuluka mchenga ndi timiyala. Akatsitsa munthu pachingwe, usamuthamangire, usamukoke, ndipo chingwecho usachigwire, nthawi zina chimamenya ngati magetsi. Iye afika yekha.

"Ukadzatsikira pabwalo, usadzayende wekha. Udikire akulozere. Kumchira kuli kachikupizo kena kamene kakamazungulira sikaoneka ndi maso, ndipo kumeneko sikupita munthu. Uzidutsa kutsogolo kumene woyendetsa akukuona, utawerama, manja ali pansi.

"Chomaliza, ndipo ichi ndimawauza alendo tsiku lililonse: kanthu kakauluka, kasiye. Kaya ndi foni, kaya n'chiyani, usakathamangire. Chapita chapita. Wamva, mwana wanga?"

Tione anaumvera kawiri. Kenaka anatola botolo, majumbo a buledi amene mphepo inaulutsira pamenepo, ndi duku la mayi ake, n'kuziika m'chikwama chake cha sukulu chimene anabwera nacho. Anasiya chitenje chokha chachikasu.

"Amayi, ndipatseni kajumbo ka pasipoti ndikasunge."

A Maness anapukusa mutu. Anali atakatulutsa pachifuwa ndipo anakafumbata ndi manja awiri.

"Wanditengera kale mawu. Ichinso ufuna unditengere?"

Tione sanakakamize. Pamwamba pa phirilo mtambo woyera unali utayamba kutsika ngati thonje, ndipo mphepo imene Amalawi a ku Cape Town amangoitcha mwera inkalimba.

5. Mphepo ya Mapiko

Tione anayamba ndi kuimva helikopitayo m'chifuwa, phokoso lakuya ngati ng'oma ya kutali. Kenaka anaiona, kadontho kofiira kochokera kumpoto.

Anaimirira, msana atatsamiza kukhoma, n'kukupiza chitenje. Helikopita inadutsa n'kupitirira. Mtima wa Tione unagwa. Koma inakhota pamwamba pa nyanja n'kubwerera, ndipo munthu wina amene anali pakhomo lake lotsegula anakweza dzanja.

Tione anakwinya chitenjecho, nachiika m'chikwama, n'kugwada pachikwamapo. Anawerama n'kuphimba nkhope ya mayi ake ndi thupi lake.

Mphepo inawagwera ngati khoma. Zitsamba zinagona pansi. Mchenga unamulasa m'khosi ndi m'makutu, ndipo phokoso linali lalikulu moti sankamva ngakhale kulira kwake komwe. Atasuzumira pansi pa mkono, anaona nsapato zikutsika m'malere, zikuzungulira pang'onopang'ono. Manja ake anafuna kuzigwira kuti zifike msanga. Anawapanikiza pamwala.

Anatsika anthu awiri, mmodzi pambuyo pa mnzake, pamodzi ndi machira opindika. Atamasula chingwe, helikopita inasuntha n'kukazungulira patali, ndipo phokoso linachepa.

Woyamba kutsika anakweza galasi la chisoti chake. Anali mayi wa nkhope yozungulira.

"Ndine Jamilah," anatero m'Chingerezi. "Iwe ndiwe Tione? Wakonza bwino malo ano. Ndani anakuphunzitsa?"

"Amalume anga."

Mnzawo wa a Jamilah, bambo wachipatala, anali atagwada kale pambali pa a Maness. Anawagwira pamkono, anawayang'ana m'maso, n'kufunsa funso.

"Akuti chiyani?" ananong'ona a Maness mwamantha.

"Akufunsa kuti pakupweteka kwambiri ndi pati, Amayi."

A Maness anamuyang'ana bamboyo kanthawi, kenaka analoza bondo.

Anawabaya jakisoni, anamanga mwendowo pakati pa zolimbitsira, n'kuwagoneka pamachira. Pomanga malamba, anawapempha kuti awongole manja. A Maness anapanikiza kajumbo kaja pakati pa zala ndi ntchafu.

"Machira akwera ndi mnzangayu," a Jamilah anamuuza Tione. "Iwe ndi ine tikwera ulendo wachiwiri. Gwada pakona apo, usasunthe."

Helikopita inabweranso, ndipo mphepo inagwanso. Chingwe chinatsika, bambo uja anakoleka machira ndi lamba wake, n'kukweza chala. Machira ananyamuka.

Pamenepo kajumbo kaja kanapulumuka. Kanagwera pamwala, kanagubuduka kawiri, n'kukakodwa pakachitsamba m'mphepete mwenimweni mwa phompho, kakupiriphita. Kuchokera pamene Tione anagwada, panali pongotambasula thupi basi.

Anadzuka theka. Bondo limodzi linachoka pansi, ndipo nthawi yomweyo mphepo inamukankha pamsana ngati dzanja la munthu. Anaona madenga aja pansi pake. Anabwerera msanga, nagwira mwala ndi manja onse awiri, n'kuweramitsa mutu.

Atadzutsa maso, pakachitsamba paja panalibe kanthu.

M'mwamba, machira ankazungulira pang'onopang'ono. A Maness anali atatembenuza mutu ndipo ankamuyang'ana. Milomo yawo inkayenda, koma phokoso linameza mawu onse. Tione sanadziwe ngati akumudalitsa kapena akumudzudzula. Anthu a mu ndegemo anawakokera m'kati, ndipo helikopita inapendekeka n'kulowera kumpoto.

6. Mtambo Utsika

Pakhondepo panagwa bata. A Jamilah anamupatsa Tione madzi ndi chofunda chonyezimira ngati pepala la siliva.

"Munali chiyani m'kajumbo kaja?"

"Pasipoti ya amayi."

"Ndinakuona utadzuka," anatero a Jamilah. "Dzanja langa linali kale pa juzi yako, koma unabwerera wekha. Anthu akuluakulu ambiri sabwerera. Pasipoti ili ndi ofesi yake. Iwe ulibe ofesi imene ingakupangenso."

Tione anamwa madziwo. Kenaka anafunsa:

"Amayi achira?"

"Ali m'manja abwino, ndipo afika kuchipatala msanga. Ukanachedwa kuimba, bwenzi tikukamba zina."

Anadikira. Dzuwa linazimiririka, ndipo kunayamba kuzizira. Mtambo uja unali utafika pamwamba pa khoma, ukutsikira pa iwo. Posakhalitsa nyanja inasowa, kenaka madenga a ku Fish Hoek nawo anasowa. Kutsogolo kwawo kunangotsala kuyera kopanda malire.

Wailesi ya paphewa la a Jamilah inakhosomola. Iwo anapendeketsa mutu n'kumvetsera, nayankha mawu ochepa. Atatha anayang'ana mtambowo.

"Ikubwera?" anafunsa Tione.

"Ayi. Woyendetsa sangaulukire pafupi ndi mwala umene sakuuona, ndipo mphepo yaposa muyeso. Akakakamira, aphetsa onse amene ali m'katimo. Lero sibweranso."

"Ndiye tigona pano?"

"Pano sitingagone, kuzizira kwa usiku sungakupirire. Anzanga apansi afika m'munsi mwa thanthweli, koma kuno sangakwere. Tiyenera kuwatsikira ndife."

Anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa chingwe chokulunga, zitsulo zokolekera pamwala, ndi lamba wa m'chiuno. Anamutambasulira Tione lambayo.

"Unayamba watsikapo pachingwe?"

Tione anapukusa mutu. Kunyumba ankaopa ngakhale kukwera pampando kuti asinthe babu.

"Lowetsa mwendo wamanja apa," anatero a Jamilah. "Ukafika m'mphepetemo utembenuke, phompho likhale kumbuyo kwako, kenaka utsamire m'malere ngati ukukhala pampando."

Tione anayang'ana m'mphepete muja. Pansi sipankaonekanso. Anakweza phazi lake, n'kulilowetsa mu lamba.